Ndinakawakwerera Chombo a Stan

Ulendo umenewu sunali wanga. Mwini wake anali a Stan, mzungu wokalamba wa m'chipinda chakumapeto, kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito ku Tottenham. Koma a Stan anali atafika poti kuchoka pabedi kupita pampando tinkachita kuwanyamula anthu awiri, ndiye ulendowo unagwera ine.

Dzina langa ndine Edina, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndakhala mu London zaka zoposa makumi awiri, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake. Amuna anga anamwalira tisanathe zaka zitatu kuno. Mwana ndili naye mmodzi, Madalitso, amakhala ku Peckham. Ine ndimachita lendi kachipinda kamodzi ku Edmonton, pamwamba pa shopu yogulitsa makapeti. M'zaka zonsezi ndinali ndisanaionepo nyanja ya kuno. Moyo wanga unali basi yopita kuntchito, basi yobwerera, ndi tchalitchi Lamulungu likagwa pa tsiku la ofu.

A Stan anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zana limodzi. Akazi awo anatsogola kalekale, mwana analibe, ndipo wachibale yekhayo anali mwana wa mlongo wawo wa ku Australia, amene ankatumiza khadi pa Khirisimasi. M'mawa mutu wawo unkagwira bwino kuposa wanga. Koma ikangokwana folo koloko ankayamba kusokonezeka: ankandiitana mayina a anthu ena, n'kumafunafuna nsapato kuti apite kuntchito.

Nkhani yawo inali imodzi basi: chombo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndevu zitangoyamba kumera, anagwira ntchito m'chombo chonyamula akasinja kuwolotsa nyanja kupita ku France. Ndikamawameta m'mawa ankandifotokozera, thovu lili kukamwa, mpaka ndinachiloweza chombocho ngati ndinabadwiramo.

"Sichinali chokongola ayi, Edna," ankatero, poti dzina langa ankalitchula choncho. "Chinali chibokosi chachitali. Ngakhale dzina sanachipatse. Nambala basi."

Pansi pake, akuti, panali pafulati ngati thireyi, kuti chizitha kufika mpaka pamchenga popanda doko. Kutsogolo kunali zitseko ziwiri zikuluzikulu zotsegukira uku ndi uku ngati za tchalitchi. Zikatseguka, chitsulo china chinkagwa pansi n'kukhala mlatho, akasinja ndi malole n'kumatsikira pamenepo. Chikatsala pang'ono kugunda mchenga ankaponya nangula kumbuyo, kuti akatsitsa katundu adzikoke okha ndi chingwe kubwerera kumadzi akuya. M'mimba mwake munali mathanki a madzi: pakati pa nyanja ankawadzaza kuti chombo chilemere, pofika kugombe n'kuwapopa kuti chipepuke. Chinkayenda pang'onopang'ono, ndipo chinkapendekera uku ndi uku ngakhale nyanja ili bata, moti aliyense ankasanza, ndi akuluakulu omwe. Ntchito ya a Stan inali kuzitseko.

Tsiku lina pa TV anaonetsa chombo chonyamula akasinja chimene anachivuula m'madzi, n'kuchikonza, n'kuchiika pagombe ku Portsmouth kuti anthu azikachiona. A Stan anafuna kupita. Adokotala anakana. Anakhala masiku awiri osalankhula ndi munthu, mbale ya phala akuikankha ndi dzanja. Tsiku lachitatu anandigwira mkono.

"Pita iwe. Ukalowe, ukaime pakati penipeni, ndiye ukandiimbire foni. Ndikufuna ndimve mmene mawu amamvekera mmenemo."

Ndinavomera msanga kuposa mmene iwo ankayembekezera. Ndinali ndi chifukwa changa chimene sindinawauze. Tinapangana za Lachinayi, tsiku langa la ofu. Tadala, namwino wa ku Zomba amene timagwira naye ntchito, anati adzawagwirira foni thu koloko, akangodzuka kutulo ta masana, mutu usanayambe kuthawa. Madalitso analonjeza kuti adzanditenga pagalimoto yake.

Lachinayilo ndinalawirira. Ndinawiritsa mazira anayi, awiri anga awiri a Mada, ndinadula buledi, ndinathira tiyi mu fulasiki, ndi kudzaza botolo la madzi. Seveni koloko ndinali nditavala kale jasi, nditakhala pawindo. Unali mwezi wa Okutobala, kumwamba kuli kotuwa ngati phulusa. Galimoto iliyonse yofiira ngati ya Mada ikakhota pakona ndinkaimirira. Eyiti koloko itadutsa, foni inalira.

"Mum, I'm so sorry. They've called me in."

"Mada, si unalonjeza iwe? Agogo aja akudikira."

"I know, I know. Can't you go next week?"

"Sabata yamawa mwina sadzakhalapo."

Chichewa amamva chonse mwana ameneyu, koma pakamwa pake pamatuluka Chizungu chokha, ndipo masiku ena ndimaona ngati tikuitanizana wina ali tsidya lino, wina tsidya linalo. Anandiyang'anira sitima pafoni pake. Mtengo umene anatchula unandikhazika pabedi. Anati kochi ndiyotchipa, ndipite kudepoti ya ku Victoria, ndikafika ndimutumizire meseji. Ndinatulutsa mazira ake awiri m'chikwama, ndinawayang'ana, kenaka ndinawabwezeramo.

Basi yochoka ku Edmonton inali yodzaza ndi ana asukulu ndi anthu oweruka ku naiti, akugona mitu itatsamira mawindo. Tinakwawa mumsewu waukulu wa ku Tottenham, kudutsa matchalitchi athu aja a pamwamba pa mashopu, eni magolosale akutulutsa mabokosi a zilazi ndi nthochi panja. Basi inaima pafupi ndi kuntchito kwathu, ndipo ndinaona windo la a Stan, katani akadali wotseka. Pa Seven Sisters ndinatsika n'kulowa sitima ya pansi.

Ku Victoria ndinapeza kochi ya teni koloko itadzaza. Mtsikana wogulitsa matiketi anati malo alipo mu ya hafu pasiti leveni.

"Ikafika nthawi yanji?"

"Kota tu thu, msewu ukakhala bwino," anayankha osandiyang'ana.

Ndinaona kuti ndichedwa pang'ono, koma osati kwambiri. Ndinagula tiketi n'kukakhala pabenchi.

Ola ndi theka ndi nthawi yaitali ukakhala wekha. Aliyense anali ndi wake. Mnyamata ndi mtsikana atagonerana pamapewa. Banja la amwenye likugawana chakudya cha m'kontena, agogo awo ali pakati. Nkhunda ina yoduka zala inkadumphadumpha pakati pa zikwama. Kwathu padepoti sungathe mphindi khumi wina asanakufunse kumene ukupita ndiponso kuti kumeneko kwagwanji. Pano munthu ungafe utakhala pabenchi, anthu n'kumakulambalala mwaulemu, ati wagona. Ndinamutumizira Mada meseji kuti ndafika. Inaonetsa kuti waiwerenga.

M'kochi ndinakhala pawindo. Anthu ankafika pampando wa pambali panga, n'kuyang'ana, n'kupitirira. Titatsala pang'ono kunyamuka analowa mayi wina wojintcha, ali wefuwefu, foni ataipana ndi phewa. Anadzigwetsa pambali panga akulankhulabe.

"Iwe, nakwela manje. Nizakutumila nikafika. Uwauze bana basachedwe ku sukulu."

Ndinadikira kuti amalize, ndikumuyang'ana ngati ndaona m'bale.

"Muli bwanji, mayi?"

Foni inangotsala pang'ono kugwa. "Ah! Ndimwe ba kwatu?"

"Ku Malawi. Ku Ntcheu."

"Ni chimozimozi! Ine ndine Judith, wa ku Chipata, koma nakulila mu Lusaka."

Anali atangotha miyezi inayi m'dziko muno. Ankapita ku Guildford, kumene galimoto ikamutenge kupita naye kumudzi wina kukasamalira gogo wachizungu m'nyumba mwake momwe, masabata asanu ndi limodzi osatuluka. Ana atatu anawasiya ndi mng'ono wake ku Lusaka. Anandionetsa zithunzi zawo tisanawoloke n'komwe mtsinje wa Thames.

London satha msanga. Tinaima ku Wandsworth, tinakwawa ku Putney, tinaimanso chifukwa cha anthu okumba msewu. Patatha ola lathunthu, nyumba zinali zomwe zija za njerwa zofiira, mabasi omwe aja ofiira. Titadutsa Kingston msewu unatakasuka, dalaivala anaponda moto, ine ndinapumira m'mwamba. Sipanathe mphindi zisanu. Chapafupi ndi Tolworth tinamva fungo ngati la mphika wopserera, kutsogolo kunayamba kulira kabelu, ndipo kochi inakhotera kumbali n'kuzima.

Dalaivala anali bambo wamtali wodekha. Anatiuza kuti tonse titsike tikaime kuseri kwa zitsulo za m'mbali mwa msewu, kochi ina ifika pakatha mphindi makumi anayi. Tinaima paudzu wonyowa, malole akutipemerera mphepo. Mvula yowaza inayamba. Bambo wina wa suti anayamba kumukalipira dalaivala ngati ndiye wapha injini dala. Ena onse anaweramira mafoni awo. Ndinayang'ana chikwangwani cha patsogolo pathu ndipo ndinaseka ndekha: nditachoka m'nyumba hafu pasiti eyiti, wanu koloko inandipeza ndikadali mu London.

Judith anatsegula ambulera n'kundikokera pansi pake.

"Manje imwe, ku Portsmouth muyenda kuona ndani?"

"Chombo."

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuseka. Ndinamufotokozera za a Stan, za zitseko, za thu koloko. Anapukusa mutu.

"Pa ofu yanu? Muzungu uyo ni mubale wanu? Iyayi, pali vinangu."

Zinalipodi, ndipo sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa pamaso pa munthu amene ndinamudziwa m'mawa womwewo. Mwina n'chifukwa ndinkadziwa kuti atsika pa Guildford.

Bambo anga anali msilikali pa nkhondo yomweyo. Anawatenga ku Ntcheu ali mnyamata, anapita nawo ku Kenya, ku Madagascar, mpaka ku Burma. Ine ndine chitsirizira, ndinabadwa imvi zitayamba kale. Ndinawadziwa ali telala pakhonde la sitolo ina pamsika. Akalawa pang'ono ankanena za chombo chimene anachiona ku Madagascar: chinabwera molunjika mpaka pamchenga, n'kutsegula pakamwa, n'kusanza malole. Anthu ankafa nako kuseka. Chombo kukwera pamtunda? Anawapatsa dzina loti a Chasanza, ndipo ife ana awo tinkaitanidwa nalo kusukulu. Tsiku lina, ndili Fomu Thu, nditaphunzira tisayansi pang'ono, ndinawapeza akufotokozanso anzawo atawazungulira. Ndinati: "Bambo, chombo chikatsegula kutsogolo chimamira. Musamaname, mukutichititsa manyazi." Sanandimenye. Sanandikalipire. Anangoweramira makina awo n'kupitiriza kupalasa. Kuyambira tsiku limenelo sindinawamvenso akutchula chombocho. Anamwalira ine ndili kuno, mapepala anga asanalongosoke, ndipo kumaliro sindinapite.

"Tsiku limene a Stan ananena koyamba za zitseko zija," ndinamuuza Judith, "ndinawasiya ndevu zili theka, ndinakadzitsekera mochapira zovala."

"So sanali kunama."

"Sankanama."

Anangosendeza ambulera kumbali yanga, phewa lake n'kumanyowa. Ndinatulutsa mazira aja, awiri iye awiri ine, tinadya titaimirira, makoko tikuika m'thumba la jasi. Tiyi tinamwera chivindikiro chimodzi.

Mphindi makumi anayi zija zinatha, zinanso zinatha. Mayi wina anafunsa za chimbudzi, dalaivala anangotambasula manja. Thu koloko yeniyeni foni inalira.

"Anti, mwafika?" anali Tadala. "Agogo avala jekete yawo ya mamendulo. Andiuza ndiwapese tsitsi. Akhala pampando kuyambira hafu pasiti wanu, akana kugona."

"Apatse foni."

"Edna? Uli mkati?"

"Ndili m'mbali mwa msewu, a Stan. Kochi yafa."

Ndinamva akuseka, kenaka chifuwa. "Injini. Zathunso zinkatero. Usadandaule, ndidikira. Kudikira ndiye ndinakuphunzira bwino."

Tadala anatenga foni n'kunong'ona: "Anti, fulumirani. Mukuwadziwa."

Ngati kuti kufulumirako kunali m'manja mwanga.

Kochi ina inafika kota tu firii. Posamutsa katundu, tayala la sutikesi ya Judith linathyoka, ndipo tinachita kuinyamula awiri ngati mbuzi yomanga. M'kochi yatsopanoyo munali kale anthu ena, moti tinakhala motalikirana, iye kumbuyo ine pakati, pambali pa mnyamata wotseka makutu ndi nyimbo. Pa Guildford anadutsa pampando wanga akutsika.

"Lembani namba yanga fasiti," anatero, n'kuitchula mothamanga, anthu akumukankha kumbuyo. "Mukaniuze mwamene viyendele. Mupemphelele naine, niyopa."

Ndinamuona pawindo ataima yekha ndi sutikesi yopendekeka, akuyang'ana uku ndi uku kufuna galimoto yodzamutenga. Nditayesa nambala ija patapita masiku awiri, ndinapeza kuti ikuperewera nambala imodzi. Sindinamupezenso.

Za njira yotsalayo ndilibe zambiri. Tinalowa mumsewu wa pansi pa phiri, tinatuluka, kunali mapiri obiriwira ndi nkhosa. Ine maso anali pawotchi. Hafu pasiti firii. Folo koloko, tili ku Petersfield, ndinadziwa kuti ku Tottenham a Stan ayamba kufunafuna nsapato. Ndinaganiza zongokafika n'kukwera yobwerera. Koma ndikanakawauza chiyani m'mawa?

Tinalowa mu Portsmouth twente pasiti folo. Sindinafunsenso za basi, ndinakwera takisi. Nyanja ndinaiona pang'ono chabe pakati pa nyumba, yotuwa ngati kumwamba komwe. Kenaka dalaivala analoza ndi chibwano: "Icho."

Chinali pamtunda, pansi pa denga lalitali lachitsulo, chotuwa, kutsogolo kwake kuli kotsegula, mlatho uli pansi. Bambo wina wachikulire wovala baji pachifuwa anali akukoka tcheni pakhomo.

"Pepani mayi, tatseka. Womaliza amalowa hafu pasiti folo. Mubwere mawa."

Chizungu chonse chinandithawa. Ndinayamba ndi kochi, ndinalumphira ku Tottenham, ndinabwerera ku Tolworth. Bamboyo ankangogwedeza mutu, dzanja lili patcheni. Kenaka ndinakumbukira chithunzi chimene Tadala ananditumizira masana: a Stan pampando, jekete itakula kuposa thupi, tsitsi lopesa, manja ali pamaondo. Ndinamuonetsa.

"Awa anali m'chombo chotere. Sangathe kuyenda. Andituma ine."

Anachiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Anamasula tcheni. "Mphindi khumi. Ndikuperekezani."

Ndinakwera pamlatho uja pang'onopang'ono. Chitsulo chenicheni, chamizeremizere kuti akasinja asaterereke. Pakati pake ndinaima, ndipo ndinalankhula Chichewa mokweza, osasamala za mzungu anali kumbuyo kwanga: "Bambo, ndachiona. Chimatseguladi pakamwa." Zinali zokhazo zimene ndinatha kunena.

Nditalowa ndinazindikira msanga kuti si chombo cha a Stan. Zitseko ziwiri zija panalibe. Pamwamba panali posatseka, ndipo ngakhale munali akasinja awiri, chinali chaching'ono poyerekeza ndi chimene ndinachiloweza. Ndinamufunsa bambo uja.

"Mwaona bwino," anatero. "Ichi ndi chaching'ono chake. Cha abwana anuwo chinali chachikulu kwambiri, chokhala ndi denga, galimoto zina pamwamba zina pansi. Zamtundu umenewo kuno sizinatsale. Anaziphwanya n'kugulitsa zitsulo."

Tsiku lonse pamsewu, n'kufikira m'chombo cha eni ake. Komabe ndinaimba.

"Anti," Tadala anayankha motsitsa mawu, "mwachedwa. Avula jekete aponya pansi. Akhala akulira, sakundidziwa n'komwe. Mwina tingosiya."

"Aikire foni pakhutu."

Ndinamva kupuma kwawo. Ndinayenda masitepe angapo dala, nsapato zikugogoda pachitsulo, phokoso likubwerera kuchokera m'makoma.

"A Stan, ndine Edna. Ndili mkati."

Kupuma kuja kunasintha. Atalankhula, mawu sanali a nkhalamba imene ndimaisambitsa. Anali achangu, akuthwa.

"Ndani ali pansipo? Uli pansi, pa akasinja?"

"Eya, ndili pomwepo."

"Mvera. Ovulala akweza kale onse, machira ali m'makoma. Pali wina pamachira a pansi, kumanzere, pafupi ndi zitseko. Wapempha madzi. Ndamuuza kuti ndikubwera." Anapuma mwabefu. "Andiitana kuzitseko, sindingachokepo. Ndamuuza kuti ndikubwera. Wakhala akudikira."

Zaka zinayi ndikuwameta ndevu, anandiuza za nangula, za mathanki, za kusanza. Sanandiuzepo kuti pobwerera kuchokera ku France, malo a akasinja aja ankagonekapo anthu.

"Munamupeza bwanji mutabwerera, a Stan?" ndinafunsa, ngakhale pantchito amatiphunzitsa kusafunsa zotere.

"Bulangeti kumaso," anatero. Kenaka maganizo anabwereranso m'chombo muja. "Ayi, ayi, akadali moyo, ndikumumva. Pita iwe. Chonde pita."

Ine ndine mayi wa kutchalitchi, ndipo bodza ndimaliopa. Ndinaima pamenepo foni ili kukhutu, bambo wa baji akundiyang'ana. Kenaka ndinayenda kupita kutsogolo, kumanzere, pafupi ndi mlatho. Ndinagwada, mawondo akulira. Ndinatulutsa botolo lija m'chikwama, ndinatsegula, ndinasendeza foni pafupi, ndipo ndinathira madzi pachitsulo pang'onopang'ono mpaka botolo linatha. Kwathu akanandiona akanati ndikuthira nsembe.

"Ndamupatsa, a Stan."

"Wamwa?"

"Wamwa onse."

"Wati chiyani?"

"Wati zikomo. Wati anadziwa kuti mubwera."

Ndinkangomva mbalame za kunyanja ndi madzi aja akutsetsereka kutsikira pamlatho. Kenaka a Stan anapuma mpweya wautali.

"Chabwino," anatero, mawu atabwerera kuukalamba. "Chabwino. Tsekani zitseko tizipita."

Tadala anatenga foni. "Anti, mwawauza chiyani? Atsamira pilo, atseka maso."

Ndinalephera kudzuka ndekha. Bambo wa baji anandigwira mkono n'kundiimiritsa. Ndinayamba kupepesa za madzi, ndikufufuza tishu m'chikwama.

"Asiyeni," anatero. "Chaona madzi ambiri chombo chimenechi." Anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundilozera poimira basi.

Pobwerera palibe chinachitika. Kochi inanyamuka pa nthawi yake, inafika pa nthawi yake, ndipo mpando wa pambali panga unali wopanda munthu njira yonse. Ndinkafuna kuuza wina zimene zinachitika, koma nditayang'ana mayina a m'foni mwanga kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndinaibweza m'chikwama. Mada anatumiza meseji: "Did you make it? x". Ndinayankha kuti eya.

M'mawa mwake ndinali pa shifiti ya seveni. A Stan ndinawapeza ali maso, mutu uli bwinobwino. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwaonetsa zithunzi zitatu zimene ndinajambula ndikutuluka. Anavala magalasi, anayandikitsa foni kumphuno.

"Ichi si changa," anatero nthawi yomweyo. "Aka n'kamwana. Ife tinkatha kukanyamula aka pamsana." Anaseka mpaka kutsokomola. "Bwanji sunaimbe? Ndinadikira."

Ndinawayang'ana. Sankakumbukira chilichonse.

"Ndinachedwa, a Stan. Kochi ija."

"Zimachitika." Anayang'ananso chithunzi, chala chikutsata mlatho. "Mwana wako uja anachikonda?"

"Sanapite. Anamuitana kuntchito."

Anatsitsa foni. "Ndiye unapita ndi ndani?"

"Ndekha."

"Njira yonseyo? Tsiku lonse?"

"Eya."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana bwinobwino, monga mmene munthu sanandiyang'anirepo kwa nthawi yaitali. Dzanja lawo lozizira, lopepuka ngati pepala, linagwira langa.

"Sizinayenere kutero, Edna. Ulendo winawo tipitira limodzi."

"Chabwino, a Stan."

Belu la chipinda china linayamba kulira. Ndinalisiya lilire pang'ono.